Kuyendetsa galimoto ku Britain ndi laisensi ya ku Malawi: mafunso ndi mayankho

Chiyambireni 2022, pomwe boma la Britain linayamba kupereka maviza kwa anthu ogwira ntchito yosamalira okalamba ndi odwala, Amalawi ambiri alowa m'dzikoli. Yambiri mwa ntchito imeneyi ndi yoyenda khomo ndi khomo, m'mawa kwa agogo awa, masana kwa agogo ena mtunda wautali ndithu, ndiye funso loyamba la bwana limakhala lakuti, "Mumayendetsa?" Munthu amapisa m'thumba n'kutulutsa khadi yake ya ku Road Traffic, bwana n'kugwedeza mutu kuvomera. Vuto limadzabwera chaka chikatha. Mayankho ali m'munsimu ndi a ku England, Scotland ndi Wales. Ku Northern Ireland kuli ofesi yakeyake yotchedwa DVA ndipo malamulo ena ndi osiyana, choncho amene muli ku Belfast mufunse kumeneko.

Kodi laisensi yanga ya kumudzi ikugwira ntchito kuno?

Inde, kwa miyezi 12. Ikhale laisensi yeniyeni ya munthu amene anakhoza mayeso, osati ya ophunzira, ndipo ikhale yoti sinathe masiku. Imakulolani kuyendetsa galimoto yaing'ono yosapitirira matani 3.5 komanso yosanyamula anthu opitirira 8 kupatula dalaivala. Yang'anani tsiku lothera lomwe lili pa khadiyo. Ngati ikutha patangopita miyezi 4 mutafika, ufulu wanu woyendetsa ukutheranso pomwepo, miyezi 12 ija siikupulumutsani.

Miyezi 12 imeneyi imayambira pati? Ndikapita kumudzi n'kubwerako, imayambiranso?

Apa ndi pomwe ambiri amagwera m'mbuna. Mlendo wongobwera kudzacheza amawerenga kuyambira tsiku lomwe walowa m'dziko komaliza. Koma inu amene munabwera kudzagwira ntchito, kudzaphunzira kapena kudzakhala ndi banja ndinu wokhala, ndipo miyezi yanu imayambira tsiku lomwe munayamba kukhala kuno. Siiyambira tsiku lomwe munagula galimoto. Siiyambiranso tsiku lomwe munagwira chiwongolero koyamba. Munthu amene anatha miyezi 10 akukwera basi, n'kugula galimoto mwezi wa 11, watsala ndi miyezi yosapitirira iwiri yoyendetsa ndi laisensi ya kwathu.

Nkhani yoti ukapita kumaliro ku Mzimba kapena kukaona ana ku Zomba n'kubwerako ndiye kuti masiku ayambiranso pa ziro ndi ya m'magulu a WhatsApp basi. Wapolisi akakuimikani adzafunsa kuti munayamba liti kukhala m'dziko muno, ndipo kampani ya inshulansi idzafunsa chimodzimodzi tsiku lomwe mwagunda galimoto ya eni. Chidindo cha pa bwalo la ndege la Kamuzu cha mwezi watha sichisintha yankho la funso limenelo.

Nanga ndikatenga International Driving Permit?

Siiwonjezera ngakhale tsiku limodzi. Kabuku kameneka ntchito yake ndi kumasulira laisensi yanu kuti wapolisi wa dziko lina aiwerenge, ndipo ya ku Malawi ndi yolembedwa kale m'Chingerezi.

Mnzanga wa ku Zimbabwe anangotumiza laisensi yake n'kulandira ya kuno osalemba mayeso. Ine sindingatero?

Ayi. Britain ili ndi mndandanda wa mayiko omwe laisensi zake imasinthanitsa popanda mayeso. Muli Australia, Canada, Japan, New Zealand, Singapore, Switzerland, Ukraine ndi ena, ndipo kwathu kummwera kwa Africa muli South Africa ndi Zimbabwe. Malawi mulibe. Zambia mulibenso, choncho abale athu a ku Chipata ndi ku Katete ali m'bwato limodzi ndi ife. Zimapweteka mtima, poti tonse timayenda kumanzere ndipo khadi yathu ndi ya dongosolo limodzi la SADC, koma kudandaula sikungasinthe mndandandawo. Njira ya wa ku Malawi ndi imodzi yokha, kulemba mayeso ngati mwana wa zaka 17 amene sanagwirepo chiwongolero.

Ndinakhala ku Joni zaka zambiri ndipo ndili ndi laisensi ya ku South Africa. Ine bwanji?

Zikutengera kuti mayeso munalembera kuti. DVLA, ofesi ya ku Swansea yomwe imapereka malaisensi, siyang'ana pasipoti yanu. Imayang'ana dziko lomwe munakhozera mayeso. Ngati munakhozera ku Johannesburg, ku Durban kapena ku Harare, mungathe kusinthitsa. Mudzadza fomu ya D1, mulipira £43, n'kutumiza khadi yanu yakale, yomwe sadzakubwezerani. Muli ndi zaka 5 kuyambira pomwe munayamba kukhala kuno zoti musinthitse, komabe kuyendetsa ndi khadi yakaleyo kumathera pa miyezi 12, ndiye palibe chifukwa chozengereza.

Koma ngati mayeso munalembera ku Lilongwe, n'kukasinthitsa laisensiyo ku South Africa, khomo limeneli ndi lotseka kwa inu. Anthu ankalowera mpata umenewu kale, boma linauona n'kuutseka.

Chabwino, ndilemba mayeso. Ndiyambire pati?

Yambirani pa laisensi ya ophunzira yomwe amaitcha provisional, khadi yobiriwira. Imafunsidwa pa gov.uk ndipo ndi £34, kapena £43 mukatumiza fomu papositi. Chenjerani ndi masamba ena a pa intaneti ofanana ndi a boma omwe amalipiritsa ndalama zoonjezera pa ntchito yomweyo. Adzafuna umboni wakuti muli ndi chilolezo chokhala m'dziko muno, womwe masiku ano ndi share code ya viza yanu, nambala yomwe mumaitenga pa intaneti, komanso maadiresi omwe mwakhalako zaka 3 zapitazi.

Tsopano tiwerengere limodzi masiku, chifukwa nkhani yonse yagona apa. Lamulo limati pofika tsiku lolemba mayeso mukhale mutakhala m'dziko muno masiku osachepera 185 m'miyezi 12 yapitayo. Tiyerekeze kuti munafika pa 1 Malichi. Masiku 185 akukwana kumayambiriro kwa Seputembala, ndiye mayeso a m'kalasi simungalembe nthawiyo isanafike. Mayeso a pamsewu simungasungitse malo musanakhoze a m'kalasi. Ndipo m'zaka zaposachedwazi, m'matauni ambiri munthu amadikira miyezi 5 kapena 6 kuti apeze tsiku la mayeso a pamsewu. Seputembala kuphatikiza miyezi 5 ndi Febuluwale, mwezi womwe laisensi yanu ya ku Malawi ikusiya kugwira ntchito. Mwaona? Ngakhale munthu wochita zonse pa nthawi yake amakhala ndi mwayi umodzi wokha, mwina uwiri. Amene amati "ndiyamba ndakhazikika kaye" amadzadzidzimuka chaka chitatha, galimoto ili pakhomo koma alibe ufulu woitulutsa yekha.

Ndiye tengani provisional m'miyezi yoyambirira, yambani kuwerenga nthawi yomweyo, ndipo sungitsiranitu tsiku la mayeso a m'kalasi loti lidzagwe masiku 185 akangokwana.

Ndikatenga provisional, ndiye kuti ndiyambe kumata zilembo za L ndi kuyenda ndi wondiyang'anira?

Osati m'kati mwa miyezi 12 ija. Nthawi imeneyo mukuyendabe ndi mphamvu ya laisensi ya kwathu, mungathe kuyenda nokha, ngakhale pa motorway, misewu ikuluikulu ya liwiro. Miyeziyo ikangotha musanakhoze, mwasanduka wophunzira weniweni. L wofiira kutsogolo ndi kumbuyo, pambali panu pakhale munthu wa zaka 21 kapena kuposa amene wakhala ndi laisensi yonse kwa zaka 3, ndipo pa motorway musapondepo pokhapokha muli ndi mphunzitsi wovomerezeka m'galimoto ya mabuleki awiri. Mnzanu wakuntchito amene nayenso ali ndi khadi ya ku Malawi sangakhale wokuyang'anirani.

Mayeso a m'kalasi amakhala otani?

Ndi a pa kompyuta, mtengo wake £23, ndipo ali ndi zigawo ziwiri zomwe muyenera kukhoza tsiku limodzi. Choyamba ndi mafunso 50 osankha yankho, m'mphindi 57, ndipo mufunika kupeza 43. Chachiwiri ndi timavidiyo 14 toonetsa msewu ngati muli pa chiwongolero, ndipo mumadina mukangoona ngozi ikuyamba, kaya mwana akuthamangira mpira kapena galimoto ikutuluka m'kanjira. Apa mufunika 44 mwa 75. Madalaivala akale amavutika ndi chigawo chimenechi m'njira yoseketsa. Ena amaona ngozi msanga kwambiri n'kudina kompyuta isanayambe kuwerenga, ena amangodina paliponse mpaka kompyuta imawapatsa ziro pa kavidiyoko poganiza kuti akubera. Yesererani pa foni kaye.

Buku lofunika ndi Highway Code, ndipo lili pa intaneti mwaulere. Mayeso ndi a m'Chingerezi kapena Chiwelishi. Kuyambira 2014 omasulira saloledwa. Mukakhoza, satifiketi yake imakhala zaka 2, ndipo zikatha musanakhoze a pamsewu mubwerezanso.

Ndayendetsa zaka 15, Blantyre mpaka Karonga usiku, popanda ngozi. Mayeso a pamsewu angandivute?

Angakuvuteni, mwinanso kuposa mwana wongoyamba kumene. Pafupifupi theka la anthu onse olemba mayesowa amalakwa, ndipo mwa olakwawo muli madalaivala odziwa galimoto bwino lomwe. Woyesa wa ku DVSA, ofesi ya boma yoyendetsa mayesowa, sakukayika zoti mumatha kusintha magiya. Akufuna kuona ngati mukuyendetsa mwa njira yawo, ndipo zaka 15 za pa M1 wathu zinakuphunzitsani njira ina.

Mayeso amatenga pafupifupi mphindi 40, mtengo wake ndi £62 m'kati mwa sabata, £75 madzulo kapena kumapeto kwa sabata. Musanakwere n'komwe muwerenga nambala ya galimoto ili pa mtunda wa mamita 20, ndipo mukalephera mayeso athera pomwepo, ndiye ovala magalasi musawaiwale kunyumba. Pali mafunso awiri a kasamalidwe ka galimoto, pali kubwerera cham'mbuyo kamodzi, monga kulowetsa galimoto pakati pa mizere kapena kumbuyo kwa galimoto ina m'mbali mwa msewu, ndipo pali chigawo choyenda motsatira sat nav, kachipangizo kolozera njira, kapena zikwangwani. Zolakwa zazing'ono amalola mpaka 15. Cholakwa chachikulu chimodzi chokha chimakugwetsani.

Zomwe zimatigwetsa ife n'zodziwika. Timayang'ana pa kalirole ndi kona ya diso, pomwe woyesa akufuna aone kuti mwayang'anadi, musanayatse indiketa, musanachepetse liwiro, musanasinthe mzere. Timanyamuka m'mbali mwa msewu osacheukira paphewa. Pa chikwangwani cha STOP timangochepetsa liwiro matayala osaima. Timatsetsereka galimoto ili pa nyutulo kapena titaponda kilachi pofuna kusunga mafuta, chizolowezi chomwe mizere ya pa filing'i siteshoni inatiphunzitsa. Timaliza hutala popereka moni, timaphethiritsa nyali pouza mnzathu kuti adutse. Ndipo pa raundabauti zikuluzikulu za mizere itatu kapena inayi, zomwe zina zili ndi maloboti m'kati mwake, timalowa mzere wolakwika n'kuwoloka mwadzidzidzi. Raundabauti ya pa Clock Tower ku Blantyre siikonzekeretsa munthu zimenezi.

Palinso malamulo omwe anasintha mu Januwale 2022. Pokhota kulowa msewu wina, munthu wapansi amene akudikira kuwoloka mumpatse mpata. Podutsa wanjinga musiye danga la mita imodzi ndi theka. Amene tinazolowera kupanikiza akabaza m'mphepete mwa msewu tiyenera kuphunzira kuleza mtima kumbuyo kwa njinga mpaka mpata utapezeka. Kuyenda pang'onopang'ono mopitirira muyeso nakonso ndi cholakwa, musaganize kuti mantha adzakukhozetsani.

Mukalakwa mudikira masiku 10 ogwira ntchito musanayesenso, koma kudikira kwenikweni ndi kwa pamzere uja.

Angandiphunzitse ndani? Pali achimwene ena kutchalitchi amaphunzitsa motchipa.

Wachibale kapena mnzanu angathe kukhala nanu m'galimoto mwaulere ngati akukwaniritsa zaka tanena zija. Koma wolandira ndalama ayenera kukhala wovomerezeka ndi DVSA, ndipo amaika baji pa galasi lakutsogolo, yobiriwira kwa mphunzitsi wokwanira, yapinki kwa amene akuphunzira ntchitoyo. Achimwene opanda baji akulakwira lamulo akamalandira ndalama, ndiponso adzakupatsirani zizolowezi zawo. Inu simukufunika maphunziro 40 ngati woyamba kumene. Maola ochepa ndi mphunzitsi wodziwa misewu ya dera lomwe mukalembere amakwana kuti akuuzeni zomwe mukulakwitsa. Ndalama imeneyo imapweteka potuluka, koma ndi yochepa poyerekeza ndi kulakwa katatu.

Za anthu amene amati akulemberani mayeso kapena akupezerani laisensi "ya m'kati", athaweni. Anthu amangidwapo chifukwa cholowa m'chipinda cha mayeso m'dzina la wina, ndipo mwini dzinayo nayenso amazengedwa mlandu.

Ndilembe pa otomatiki kapena pa manyuwo?

Mukakhozera pa otomatiki laisensi yanu idzakhala ya otomatiki yokha. Mukakhozera pa manyuwo muyendetsa zonse. Ngati dzanja lanu linazolowera kale giya, lembani pa manyuwo. Ngati kumudzi munkayendetsa timagalimoto ta ku Japan ta otomatiki ndipo masiku akutherani, musadzivutitse ndi kilachi pano.

Miyezi 12 yatha koma ntchito ikufuna galimoto. Ndikangoyendabe mosamala, angandigwire ndani?

Makamera. Galimoto za apolisi ndi misewu yambiri ili ndi makamera owerenga nambala, ndipo wapolisi akakuimikani pa chifukwa chilichonse, ngakhale nyali imodzi yakufa, amafunsa laisensi. Kuyendetsa mosemphana ndi laisensi yanu kumabweretsa mapointi achilango 3 mpaka 6 olembedwa pa mbiri yanu ya udalaivala, ndi chindapusa chofika £1,000. Choopsa kwambiri n'chakuti inshulansi yanu inaperekedwa podalira kuti muli ndi laisensi yogwira ntchito, ndiye kampani ingathe kukana kuti munali wotetezedwa. Pamenepo mlandu wachiwiri wabadwa, woyendetsa popanda inshulansi, womwe ndi £300 ndi mapointi 6 pomwepo, kapena kukhoti komwe chindapusa chilibe malire ndipo angakuletseni kuyendetsa. Galimoto amailanda pamsewu pomwepo, inu n'kuyenda wapansi, ndipo ikakhala masiku 14 osaiwombola angathe kuigulitsa kapena kuiphwanya.

Kumbukiraninso kuti mafomu ofunsira chilolezo chokhazikika ndi unzika amafunsa za milandu. Ngati bwana akukukakamizani kuyendetsa akudziwa kuti masiku anu atha, amene adzaime pamaso pa woweruza ndi inu. Muuzeni msanga, mwezi wa 9 kapena wa 10, kuti akuikeni pa ntchito yoyenda awiriawiri kapena ya malo amodzi kufikira mutakhoza. Ndipo chonde, chizolowezi chopinda kandalama m'kati mwa laisensi popereka kwa wapolisi chisiyeni komwe munachiphunzira. Kuno chimenecho ndi mlandu woposa womwe anakuimitsirani.

Inshulansi yandidula kwambiri. Pali njira yochepetsera?

Idzadula ndithu, chifukwa makampani amakuonani ngati munthu wopanda mbiri, ndipo ambiri salabadira zaka zomwe munayendetsa kumudzi popanda ngozi. Yerekezani mitengo ya makampani angapo, sankhani galimoto ya injini yaing'ono, ndipo ganizirani zolola kuti akuikireni kabokosi koona mmene mukuyendetsera. Chomwe simuyenera kuchita ndi kunama. Nenani kuti laisensi ndi ya kunja, nenani tsiku lenileni lomwe munayamba kukhala kuno, nenani adiresi yomwe galimoto imagonadi. Kulembetsa mlamu wanu wa laisensi ya kuno ngati dalaivala wamkulu pomwe galimoto mumayendetsa ndinu tsiku ndi tsiku ndi chinyengo, ndipo chimaululika pa tsiku la ngozi.

Onaninso mtundu wa inshulansi. Yongopita kuntchito ndi kubwerako siikwanira munthu woyenda nyumba ndi nyumba kusamalira odwala, ameneyo afunika yolembedwa business use. Wonyamula zakudya kapena maphukusi molipidwa afunika ina yotchedwa hire and reward.

Ndiye pali akathyali a pa Facebook, Instagram ndi WhatsApp ogulitsa inshulansi ya theka la mtengo, ndipo amakonda kusaka alendo ongofika kumene ngati ife. Ena amakupatsani pepala labodza, ena amagula inshulansi yeniyeni ndi mbiri yabodza kenako n'kuithetsa ndalama atalandira. Inu mumayenda mtima uli m'malo mpaka tsiku lomwe nyali zabuluu zidzawale kumbuyo. Lowetsani nambala ya galimoto yanu pa askMID, tsamba la pa intaneti loonera inshulansi, muone ngati ilidi m'kaundula, ndipo imbirani kampaniyo pa nambala yomwe mwapeza nokha.

Mapointi angalowe bwanji pa laisensi yoti si ya kuno?

DVLA imakutsegulirani mbiri m'dzina lanu, ndipo mapointiwo amakudikirani mpaka mudzatenge laisensi ya kuno. Izi n'zofunika chifukwa munthu amene wangokhoza kumene akafikitsa mapointi 6 m'zaka 2 zoyambirira amalandidwa laisensi n'kuyambiranso mayeso onse awiri, ndipo mapointi akale omwe sanathe amawerengedwa nawo. Kugwira foni m'manja mukuyendetsa, ngakhale mutaima pa maloboti, ndi mapointi 6 ndi £200. Foni imodzi yochokera kumudzi ingathe kukubwezani pa L.

Ndili ndi khodi EC, ndinkayendetsa mathiraki a ku Beira ndi ku Dar es Salaam. Ndingayambe ntchito ya lole kuno?

Osati ndi khadi ya ku Malawi. Muyamba mwakhoza mayeso a galimoto yaing'ono, kenako kupimidwa ndi dokotala, provisional ya galimoto zazikulu, mayeso ake, ndi satifiketi ya madalaivala a ntchito yotchedwa Driver CPC. Luso lanu lidzakuthandizani kudutsa msanga, koma palibe sitepe yomwe mungadumphe. Chimodzimodzi a mabasi.

Pali china chomwe chimasokoneza anthu masiku oyambirira?

Mamailosi. Zikwangwani za liwiro kuno si za makilomita. M'tauni ndi 30 pokhapokha atalemba zina, pafupifupi makilomita 48 pa ola, ndipo ku Wales kuyambira Seputembala 2023 misewu yambiri ya m'malo okhala anthu ndi 20. Chikwangwani choyera chozungulira chokhala ndi mzere wakuda wopingasa chimatanthauza 60 pa msewu wamba ndi 70 pa msewu wogawidwa pakati kapena pa motorway. Mizere ya mabasi ndi mabokosi achikasu a pamphambano ali ndi makamera m'matauni ambiri, kalata ya chindapusa imangokupezani kunyumba. Mowa, malire ndi mamiligalamu 80 pa mamililita 100 a magazi ku England ndi Wales, koma 50 okha ku Scotland. Galimoto yopitirira zaka 3 imafunika MOT chaka chilichonse, yomwe ndi ngati COF yathu, ndipo msonkho wa galimoto susamuka ndi galimotoyo mukagula kwa munthu, muyenera kulipira wanu musanaiyendetse.

Ndikakhoza, laisensi yanga ya ku Malawi andilanda?

Ayi. Amalanda ya amene akusinthitsa, monga a ku Zimbabwe ndi South Africa aja. Inu mwalemba mayeso, ndiye woyesa amatenga provisional yobiriwira n'kukupatsani satifiketi, ndipo mungathe kuyendetsa nokha tsiku lomwelo khadi yapinki isanafike papositi. Imbirani a inshulansi nthawi yomweyo muwauze kuti laisensi yasintha. Khadi yapinkiyo imakonzedwanso zaka 10 zilizonse, ndipo mukasamuka nyumba muuze DVLA, n'zaulere, koma kusanena kungakudyereni mpaka £1,000. Ya ku Malawi isungeni pabwino pamodzi ndi pasipoti, ndipo mukapita kutchuthi kumudzi patulani tsiku limodzi lokaikonzetsa ku Road Traffic isanathe masiku.